Mafupa m'Chitsime cha Geresomo

Geresomo Zuze amakumba zitsime. Anthu a kwa Maseya amamudziwa ndi ntchito imeneyo, ngakhale adagwirapo zina. Ndi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo zaka zake zapitirira makumi asanu. Adabwera kuno ali mnyamata, makolo ake akuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Nkhondo itatha makolowo adabwerera kwawo. Iye adatsala chifukwa cha mtsikana wina wa kuno, Agnesi.

Adayamba ndi kudula nzimbe ku Nchalo. Patapita zaka zinayi adamuika m'gulu lokumba ngalande, ndipo kumeneko ndi kumene adaphunzira dothi. Anzake amati kapitawo ankamupeza atanyonyomala m'ngalande, akuyang'anitsitsa khoma ngati munthu wowerenga kalata ya kwawo. Atasiya ntchito ya nzimbe adagula piki, fosholo, ndowa ziwiri ndi chingwe. Katundu wake ndi yemweyo mpaka lero. Amangosintha chingwe.

Kuno kuchigwa madzi sasowa pansi. Osowa ndi madzi omweka. Mjigo wa m'mudzi mwathu umatulutsa amchere. Ukaphikira nandolo sapsa, ndipo tiyi amamveka ngati wathiridwa msuzi wa mlamba. Chilimwe chikafika amayi amapita ku mtsinje wa Mwanza kukafukula mchenga, ulendo wa maola awiri kupita ndi kubwera, dzuwa lili pamutu.

Geresomo amafufuza madzi ndi lilime. Amatapa dothi, n'kuika pakamwa, n'kulavula. Likakhala la mchere amanena m'Chisena chake kuti "nkhabe," n'kusuntha. Likakhala labwino amati "pyadidi," n'kulemba bwalo pansi ndi chidendene. Wakumba zitsime zopitirira makumi atatu. Zinayi zidatuluka zamchere, ndipo ukamufunsa za ntchito yake amayamba ndi zinayizo.

Chingwe amamugwirira ndi mkazi wake, Agnesi. Iye akakhala pansi, mayiyo amakhala pamwamba, kukoka ndowa ndi kumvetsera ngati piki ikulirabe. Chaka china kwa Katunga khoma lidagumuka n'kumukwirira Geresomo mpaka pachifuwa. Agnesi adatsika yekha n'kumufukula ndi mbale ya ndiwo, amuna akadakambirana pamwamba. Ana awo adakula, Pempho wachisamba ali ku Blantyre. Tsiku lina ndidamufunsa Geresomo chimene chasunga banja lawo. Adati: "Munthu wokugwirira chingwe sukangana naye m'mawa."

Ine ndine Fanizo, mkulu wa adzukulu m'mudzi muno, ife okumba manda ndi kuika maliro. M'nkhaniyi ndalowamo chifukwa cha ntchito imeneyo.

Mu Okutobala 2023 amayi a m'mudzi adatopa ndi ulendo wa ku Mwanza, napempha Geresomo kuti awakumbire chitsime. Adayendayenda masiku awiri akulawa dothi, mpaka adaima pafupi ndi mtengo wa nsangu, m'malire a munda wa a Raphael. A Raphael ndi mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, mwini ng'ombe khumi ndi zinayi, munthu wosavuta. Adapereka malowo tsiku lomwelo. Amuna adaumba njerwa zomangira khoma la m'kati, amayi adagawana masiku othandiza Agnesi pachingwe.

Nthawi inali yochepa. Dothi lathu lakuda la makande likamwa mvula limafufuma n'kugumuka. Chitsime chosamangidwa njerwa sichiona mvula ziwiri. Geresomo adati madzi apezeke ndipo njerwa zilowe mwezi wa Novembala usanafike pakati.

Munthuyu ali ndi chizolowezi chimene chimatopetsa omuthandiza. Dothi lotuluka m'dzenje salola kuti liunjikidwe pamodzi. Likangosintha mtundu amakuwa kuti ayambe mulu watsopano, iye n'kusema chizindikiro pa nsungwi yaitali imene amayezera kuya kwa dzenje. Motero milu idandandalika kuchokera pachitsime kulowera ku mtengo: makande, mchenga wa madzi osefukira, dongo lofiirira, kenaka dothi loyera lolimba ngati simenti, limene lidamudyera masiku atatu ndi nsonga ya piki. Amayi ankadandaula kuti akuyenda ndi ndowa ngati akuthirira dimba.

"Dothi ndi dothi, a Zuze," adatero mmodzi akuweramira m'dzenje.

"Ufa ndi gaga mumasunga m'thumba limodzi kwanu?" mawu adayankha kuchokera pansi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi adafika pa nsangalabwi, miyala yosalala ija ya mumtsinje. Dzenje linali litazama mamita asanu ndi limodzi. Piki idagunda chinthu chimene sichidalire ngati mwala. Adachizula ndi dzanja, nachipukuta pa kabudula, nachinyambita monga amachitira ndi chilichonse cha pansi. Adachiponya m'ndowa pamodzi ndi zinzake zitatu.

Agnesi adakoka ndowayo, nasuzumiramo.

"Bambo a Pempho, mwatumiza chiyani ichi?"

"Miyala."

"Miyala yokhota ngati nthiti? Tulukani."

"Musaope, mulibe mchere. Ndalawa."

"Mwalawa?"

Amayi awiri amene anali pachingwe adabwerera chambuyo. Agnesi adamukoka yekha mwamuna wake, ndipo atafika pamwamba sadamupatse dzanja.

Adandiitana. Ndidapeza zidutswa zitatu za nthiti ndi fupa limodzi la msana. Anali ndi mtundu wa fodya wouma, olemera ngati miyala, ndipo ukawagogoda ankalira ngati phale. Mafupa a anthu ndawagwira ambiri, makamaka madzi atagumula manda athu akale. Ndidanena kuti fupa la msanalo lakula kwambiri.

Koma mwambo wathu sufunsa kukula. Wokumba akapeza fupa, ndipo palibe wotsimikiza kuti ndi la nyama, timaliyesa la munthu. Ntchito imaima. Mafupa onse amatoleredwa, osasiya n'limodzi lomwe, n'kukaikidwa kumanda. Dzenje limakwiriridwa, chifukwa madzi a pamanda samwedwa. Amfumu atamva adati za mafupa ndi za adzukulu, iwo adzamva kwa ine.

Dzuwa litapendeka adafika a Raphael, chipewa chili m'manja. Adayang'ana mafupawo nthawi yaitali.

"Awa ndi agogo anga," adatero.

Nkhani yake tonse timaidziwa. Chaka cha njala, 1949, agogo awo aamuna adapita kudambo kukazula nyika, mizu ya m'madzi ija timadya chakudya chikasowa. Sadabwerenso. Zaka zonsezi banjalo lidakhala lopanda manda oti liloze.

"Achimwene," ndidatero, "munthu sagona mozama chonchi. Ife tikakumba timalekeza m'khosi."

"Sadaikidwe, adagwa panjira. Madzi ndiwo adawakwirira. Namondwe Freddy adakwirira nyumba ya mlamu wanu mpaka m'mawindo masiku atatu okha. Nanga zaka makumi asanu ndi awiri?"

"Nanga kukula kwa fupali?"

"Anali munthu wamkulu. Mayi ankati ankanyamula mtondo ndi dzanja limodzi."

Ndidavomera. Adalonjezanso mbuzi ya adzukulu, ndipo ndisaname, mbuziyo idathandiza kuti ndivomere.

Geresomo adayesa kulankhula. Adatitengera pa mulu woyera uja, naponda chibuma ndi chidendene. Sichidaphwanyike.

"Akulu, ili si dothi la dzulo," adatero. "Matope a Freddy mungawakumbe ndi supuni. Ili landithera piki. Chimene chili pansi pa dothi ili chidagona agogo a agogo asanabadwe."

Palibe adamumvera. Munthu amene wanyambita malemu mawu ake salemera. Agnesi adamusamutsira pakhonde ndi mbale yakeyake, nati m'nyumba adzalowa akasamba mankhwala a adzukulu maliro atatha.

Amayi ndiwo adandimvetsa chisoni. Adakoka chingwe masiku asanu ndi anayi, njerwa zinali mbwee pambali, ndipo dothi la pansi linali litayamba chinyontho. Geresomo adati malo ena a madzi okoma m'mudzi muno sakuwadziwa, ndipo ngakhale atawapeza, mvula ingamupeze ali pakati. M'mawa mwake ndidawaona akulowera ku Mwanza, ndowa zili pamutu. Komabe pa tsiku la maliro adabwera onse kudzaimba. Maliro ndi maliro.

Tidasankha Loweruka. Abale a a Raphael adafika pa kabaza, ena kuchokera ku Nchalo, ena ku Bangula. Kalipentala adakhoma bokosi laling'ono, poti mafupa okha safuna malo ambiri. Manda tidakumba, mbuzi idaphedwa, mphasa idayalidwa pansi pa nsangu. Adzukulu anga adasuzumira m'dzenje, nakana kulowamo. Adati manda ozama chotero sadawazolowere. Adalowa Geresomo.

"Utulutse onse," ndidamuuza. "Usasiye ngakhale chala."

"Chala ndikachipeza ndikuuzani, akulu."

Piki adaisiya pamwamba. Adatenga mpeni, supuni ndi katsache. Ankakanda pang'onopang'ono, fupa lililonse n'kulikulunga m'chitenje asanaliike m'ndowa. Ine ndinkalandira n'kuyala pamphasa. Nthiti zina zidatuluka zathunthu, zotalika kuposa mkono wanga. Kudabwera fupa la mwendo limene ndidalinyamula ndi manja awiri. Kalipentala adaliyang'ana, nayang'ana bokosi lake, nayamba kukanda m'mutu.

"Ndidanena kuti anali munthu wamkulu," adatero a Raphael, koma motsitsa mawu.

Amayi ankaimbabe, ngakhale nyimbo inkachepa mphamvu ndowa iliyonse ikatuluka. Dzuwa litafika pamutu, pansi padangoti zii. Agnesi adagwedeza chingwe.

"Bambo a Pempho, muli moyo?"

"Ndilipo. Akulu ali pafupi? Andifunsireko kwa a Raphael. Agogo awo ankavala chipewa?"

"Ankavala," adayankha a Raphael eni ake. "Bwanji?"

"Sindikuona mmene chinkakhalira. Mutu ndaupeza. Uli ndi nyanga, ndipo imodzi yalowa m'khoma. Ndaitsata mkono wonse ndi theka, sinathe."

Nyimbo idaduka. Ndowa idakwera ndi chibwano, mano ali momwemo. Ndidachipereka kwa a Raphael, poti ndiwo anali eni maliro. Adachitembenuza, nayendetsa chala chachikulu pamwamba pa manowo. Munthuyu wakhala akuyasamitsa ng'ombe kuyambira ali mwana. Adakhala pansi pamphasa.

"Awa ndi mano obzikula udzu," adatero. Adapukuta m'maso ndi chipewa. "Basi, agogo akadali kumene adapita."

Munthuyo adaliradi. Woyamba kuseka anali mchemwali wawo wa ku Bangula, amene adabwera atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Adaseka mpaka kugwa chammbali. A Raphael adayesa kumukalipira, nawonso n'kuphulika. Pamenepo mudzi wonse udamasuka. Mbuzi yophedwa sibwerera m'khola, choncho tidaidya. M'manda opanda mwini aja tidagonekamo thunthu la nthochi n'kukwirira, poti manda sasiyidwa kukamwa.

Geresomo atatuluka, Agnesi adamupatsa dzanja.

"Lero mulowe m'nyumba," adatero. "Koma mutsuke m'kamwa."

Lolemba amuna adasonkhana pachitsime. Adati poti ndi nyama, nyangazo zithyoledwe ndi piki, mutu utuluke, ntchito ipitirire. Inenso ndidaganiza chomwecho. Geresomo adakana.

"Chinthu chagona zaka zonsezi, madzi osachiphwanya, ndiye ndichiphwanye ine?"

"Ndi mbale wako kodi?" adafunsa wina.

"Mbale wake ali apo," adatero Geresomo akuloza a Raphael. "Ine ndine wantchito chabe."

Adalowa ndi supuni yake ija, nakhala tsiku lonse akukanda mozungulira mutuwo. Amayi sadakondwere. Mitambo inali itayamba kusonkhana pa mapiri a Thyolo masana aliwonse.

Pa tsiku la maliro mafupa okwanamo tidawasunga m'bokosi lija, ndipo mphunzitsi wa pasukulu yathu adawajambula ali momwemo, chithunzicho n'kuyenda m'mafoni. Lachiwiri kudafika galimoto kuchokera kumtunda. Mudatsika Mayi Jesinta, a ku boma mbali yoona za zinthu zamakedzana, mayi wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, wovala buluku ndi jombo. Adapereka moni kwa amfumu ndi kwa ife, kenaka adakaima pa bokosi lija.

"Aka n'koyamba kupeza zinthu zotere zikundidikira m'bokosi la maliro," adatero.

"Kuno timalemekeza alendo," adayankha a Raphael.

Adapempha kulowa m'dzenje. Agnesi adamuyeza ndi maso, namumanga yekha chingwe m'chiuno. Adakhala pansipo ndi Geresomo ola lathunthu. Adatuluka matope ali kumaso, mano onse ali pamtunda.

Tidakhala pansi pa nsangu, iye n'kufotokoza. Adati ndi njati, koma osati mtundu uli m'nkhalango ya Lengwe lero. Ndi mbale wake wamkulu amene adatha padziko. Nyanga zake zinkatambalala mamita awiri ndi theka, mwina atatu, kuchokera nsonga iyi kufika nsonga iyo. Nsangalabwi zija zikusonyeza kuti pamalopo padali mtsinje. Nyamayo itafa madzi adaikwirira msanga, ndipo m'kupita kwa nthawi za m'nthaka zidalowerera m'mafupa mpaka adauma ngati mwala.

"Idafa liti?" ndidafunsa.

"Agogo, sindinganene tisanayeze. Koma njati zotere zinkachuluka nthawi imene maiko a kumpoto adakutidwa ndi madzi oundana, zaka zikwi khumi kapena zikwi makumi angapo zapitazo. Kuno madzi oundanawo sadafike. Koma mvula inali yochepa, udzu unali ponseponse, ndipo kunkazizira kuposa lero. Nyengo itasintha zazikuluzi zidatha, zocheperako n'kutsala. Ena amati alenje adathandizira. Ophunzira akutsutsanabe mpaka pano."

"Nowa ndiye adaisiya imeneyo," adatero mmodzi wa adzukulu anga. "Pakhomo la chombo sikadalowa."

Zaka zikwi khumizo anthu adazimeza bwinobwino. Chidawakanika ndi kuzizira.

"Ku Chikwawa kuno?" adatero Agnesi akudzikupiza ndi nsonga ya chitenje. "Mayi, za nyanga tavomera poti taziona."

Kenaka mlendoyo adanena chimene adadzera. Adati zinthu zotere zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo kukumba kuime mpaka anzake adzabwere ndi zipangizo mvula ikatha. Amayi adayang'anizana. Mmodzi adadzuka, natola ndowa yake yopitira ku Mwanza.

Geresomo adakhosomola.

"Mayi, mvula ikatha mudzapeza chiyani? Makande awa akamwa madzi dzenje litseka lokha. Njati yanu igonanso, madzi athu agona nayo."

"Ndikumva, bambo. Koma fupa lozulidwa mwachangu limataya mbiri yake. Tiyenera kudziwa dothi lililonse limene linali pamwamba pake, motsatana, ndi kukula kwake. Okumba amangosakaniza zonse. Ndiye timayamba takumba dzenje lathu pambali kuti tione."

"Okumba ati?"

Geresomo adatenga nsungwi yake, namutsogolera mayiyo ku milu ija. Mayi Jesinta adayenda mzere wonse akufinya dothi m'manja. Pa mulu uliwonse Geresomo ankamuonetsa pa nsungwi pamene dothilo lidayambira ndi pamene lidathera. Adamujambulira pansi mmene fupa lililonse lidagonera, ili kumanzere, ili pansi pa linzake.

"Mudaphunzira kuti zimenezi?"

"M'ngalande za nzimbe."

Mayiyo adapita chapatali kukaimba foni. Adalankhula nthawi yaitali, dzanja likuloza milu ngati wa ku ofesiyo akuiona. Atabwerako adati timupatse masiku anayi, ndiponso timubwereke Geresomo. Akatha, chitsime n'chathu.

Masiku anayiwo adagwira ntchito awiriwiri, Agnesi ali pachingwe. Mayi Jesinta adatapa dothi la mulu uliwonse m'timatumba, nalemba manambala. Pansi adakumba chammbali kutsata nyanga, akuchirikiza khoma ndi matabwa. Nyanga imodzi inali yothyoka kale, ndiye idatuluka payokha. Mutu ndi nyanga inayo adazikulunga m'masaka oviikidwa mu pulasitala ngati wa kuchipatala, nazimangirira choimirira kuti zikwane pakamwa pa chitsime. Amuna asanu ndi mmodzi adakoka, osatheka. A Raphael adabweretsa ng'ombe ziwiri, chingwe tidachidutsa pa mtanda wa mtengo, ndipo mutuwo udakwera pang'onopang'ono ukuzungulira.

"Muwakoke bwino agogo, a Raphael," wina adatero.

"Mbuzi yanga mudadya, ndiye mundisekenso? Gwirani mtandawo."

Galimoto sikadatha kufika pachitsime, choncho tidakweza zonse pa ngolo mpaka kumsewu. Mayi Jesinta adayenda pambali pa ngoloyo njira yonse, dzanja lili pa nyanga. Potsazika adamugwira chanza Geresomo ndi manja awiri. Iye adathokoza m'Chisena chake kuti "takhuta," maso ali ku mitambo.

Maliro ndi alendo zidatidyera sabata ndi theka. Geresomo adayamba watseka ndi njerwa mapanga adakumba m'mbali aja, kenaka adatenganso piki. Pansi pa nsangalabwi padali mchenga wonyowa. Adatsika mamita atatu ena, ndipo Lachinayi masana adakuwa kuti amutsitsire ndowa yachiwiri, madzi akumufika m'mawondo. Kuyambira pamenepo mudzi wonse udanyamula njerwa. Adzukulu anga ndidawaika patsogolo, poti mbuzi adadya ndiwo.

Mvula idatipeza kutatsala mamita awiri kuti khoma lifike pamwamba. Tidathamanga ndi malata akale ndi matenti amene tidalandira nthawi ya Freddy, n'kuphimba. Mbali imodzi idagumukabe. Geresomo adataya tsiku lathunthu akuchotsa matope, akuyankhula Chisena chimene sindingalembe pano. Koma njerwa zidafika pamwamba.

Madzi tidawasiya masiku awiri kuti adikhe. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi mudzi udasonkhana. Agnesi adatunga ndowa yoyamba. Madzi anali oyera, koma a pamjigo nawonso ndi oyera. Geresomo adatambasula dzanja kuti atenge chikho. Agnesi adachibisa kumbuyo.

"Lilime lanu lalawa zokwanira chaka chino."

Palibe adasuntha. Ena ankaopa kumva mchere, ena ankakumbukira chimene chidagona pamwamba pa madziwo. A Raphael adadzuka.

"Ndipatseni ine. Ndine ndidafuna kuchikwirira."

Adamwa, nasunga madziwo m'kamwa, nameza. Adayang'ana kumwamba.

"Ali bwanji, achimwene?" ndidafunsa.

"Sindinamve bwino. Thiraninso."

Adamwa chikho chachiwiri. Atapempha chachitatu amayi adawalanda chikhocho. Madzi amchere sachita thovu, choncho Agnesi adamasula kachidutswa ka sopo pa nsonga ya chitenje, nasamba m'manja m'beseni. Thovu lidafika m'zigongono. Amayi adayamba kukankhana ndi ndowa. Geresomo adangoyamba kukulunga chingwe chake.

Patapita miyezi Mayi Jesinta adalemba kalata. Adati nyanga atazilumikiza zidakwana mamita awiri ndi theka, ndipo pa pepala lofotokoza za mafupawo adalembapo dzina la Geresomo. Zaka za njatiyo akuti sanayezebe. Kalatayo amasunga ndi Agnesi.

Mwezi uno Geresomo ali kwa Kasisi, akukumba china. Bondo lamanzere layamba kumuvuta. Agnesi akuti amupatsa zaka ziwiri, kenaka chingwe achigulitsa kwa eni ng'ombe.

Pachitsime chathu pamatunga mabanja opitirira makumi anayi. Awiri amakanabe. Amati madzi a pansi pa mafupa ndi a pansi pa mafupa, kaya mafupawo ndi a ndani. Amapitabe ku Mwanza. Miyendo ndi yawo.